Ndalama za FEMA si chipepeso

Namondwe akasesa dera lina ku America, pa wailesi pamamveka kuti pulezidenti walengeza kuti derali lagwa m'ngozi ndipo bungwe la FEMA, nthambi ya boma lalikulu yothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, litulutsa madola mamiliyoni. Womva amaganiza kuti ndalamazo zimafika ngati chipepeso: wobwera nacho wapereka, ofedwa alandira, nkhani yatha. Koma ngakhale pasiwa pamakhala mlembi ndi kope lake, ndipo mlembi wa ku Washington amabweranso patapita zaka kudzafunsa mmene tambala iliyonse inayendera. Khonsolo ya tauni, ya mzinda kapena ya county (dera longa boma laling'ono) imayamba yawononga ndalama zake kaye, kenako n'kupempha kuti ibwezeredwe, ndipo imabwezeredwa pa zokhazo zimene mapepala ake angachitire umboni. Ine ndikuona kuti malamulo ambiri a ndalamazi ndi oyenera ndipo sayenera kufufutidwa. Vuto ndi lakuti khonsolo imapambana kapena kugwa nawo mvula isanagwe, pamene palibe amene akuganiza za FEMA, ndipo makhonsolo ang'onoang'ono amasiyidwa okha pa nthawi imeneyo.

Gwero la zonsezi ndi lamulo la Stafford Act la mu 1988. Pansi pa lamuloli pali ndondomeko yotchedwa Public Assistance, yolipira ntchito yochotsa zinyalala ndi zogumuka, yopulumutsa anthu, komanso yokonzanso misewu, milatho, madamu, nyumba za boma, mipopi ya madzi ndi mapaki. Boma lalikulu limalipira zosachepera 75 peresenti, zotsalazo n'kugawana boma la chigawo (state) ndi khonsolo. Nthawi zina gawo la boma lalikulu limakwera: namondwe Helene atawononga kumadzulo kwa North Carolina mu Seputembala 2024, ntchito yochotsa zinyalala ndi yadzidzidzi inalipiridwa yonse kwa masiku 180. Ndalama sizipita kukhonsolo mwachindunji. Zimadutsa ku boma la chigawo, limene limayang'anira khonsolo, ndipo likaona kuti zasokonekera ndi lomwelo limadzagogoda pakhomo.

Masiku amayamba kuwerengedwa madzi asanaphwe. Khonsolo ili ndi masiku 30 kuchokera pamene dera lake latchulidwa m'chilengezo kuti ipereke pempho lake. Ikakumana koyamba ndi akuluakulu a FEMA pa msonkhano wounika ntchito, ili ndi masiku 60 oti itchule chilichonse chimene chawonongeka. Kalavati amene waiwalika pa mndandanda umenewo amavuta kulowetsa pambuyo pake. Ntchito yadzidzidzi iyenera kutha m'miyezi 6, yomanganso m'miyezi 18. Boma la chigawo likhoza kuwonjezera nthawi, koma pokhapokha khonsolo italemba kalata yofotokoza chifukwa.

Pogula katundu ndi polemba makontirakitala ndi pamene pamagwera makhonsolo ambiri, ndipo ofesi ya Inspector General, yofufuza kayendetsedwe ka ndalama mu unduna wa Homeland Security umene FEMA ili pansi pake, yakhala ikulemba za vutoli chaka ndi chaka. Malamulo ake ali m'buku la malamulo a boma lalikulu, pa 2 CFR gawo 200, kuyambira ndime 317 mpaka 327. Khonsolo iyenera kutsata malamulo akeake, a chigawo chake ndi a boma lalikulu, ndipo pamene asemphana imatenga okhwima kwambiri. Mu 2018 malire anaikidwa motere: kugula kosapitirira madola 10,000 kungachitike popanda mpikisano bola mtengo ukhale womveka, kuchokera pamenepo kufika pa madola 250,000 pamafunika makoteshoni ochokera kwa ogulitsa angapo, kupitirira apo ndi tenda yolengezedwa poyera. Malirewa amakwezedwa pakapita zaka, choncho mkulu wogula zinthu amayenera kuona chiwerengero cha chaka chimenecho, osati cha m'mutu. Pa ntchito yaikulu khonsolo imayenera kudziwerengera yokha mtengo woyembekezera isanatsegule maenvelopu a tenda, ndi kusunga pepalalo. Pa zomangamanga zopitirira malire a pamwambawo, kontirakitala amaika chikole cha 5 peresenti ya mtengo wake popikisana, ndipo akapambana amaikanso zikole ziwiri za 100 peresenti: china chotsimikiza kuti amaliza ntchito, china chotsimikiza kuti alipira antchito ndi omugulitsa zipangizo.

Pali mtundu umodzi wa kontirakiti woletsedwa kotheratu, ngakhale madzi atafika m'khosi. Ndi uja wonena kuti kontirakitala alipidwa zonse zimene wawononga kuphatikiza peresenti ya zimenezo ngati phindu. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Akawononga madola 100,000 pa 10 peresenti, phindu lake ndi 10,000. Akawononga 200,000 pa ntchito yomweyo, phindu ndi 20,000. Mwamulipira kuti aziwononga. Chodabwitsa n'chakuti mawu amenewa nthawi zambiri sakhala pamutu pa kontirakiti. Amabisala m'kamzere kakang'ono konena kuti zipangizo zidzalipiridwa pa mtengo wogulira kuwonjezerapo 15 peresenti, ndipo meya wotopa amasaina usiku pa kuwala kwa tochi. Kontirakiti yolipira pa ola ndi pa zipangizo ndi yololedwa, koma khonsolo iyenera kulemba kuti panalibe njira ina yoyenera, iike mtengo wosayenera kupitirira, ndiponso iyang'anire ntchitoyo mwatcheru. Ikasowa malire a mtengo, FEMA ili ndi mphamvu yoikana yonse kapena kulipira chabe chimene yaona kuti n'chomveka.

Akuluakulu a makhonsolo amakonda kudziteteza ndi mawu akuti "inali ngozi, sitikanadikira tenda". Lamulo limavomereza zimenezi. Msewu wopita kuchipatala ukatsekeka ndi mitengo, palibe amene amayembekezera kuti mulengeza tenda masabata atatu. Koma chilolezocho chimatha pamene ngoziyo yatha. Kontirakitala amene munamuitana pafoni tsiku loyamba sangapitirire miyezi isanu ndi itatu n'kumangiratu msewuwo pa kontirakiti yomweyo. Pamene akugwira ntchito yadzidzidzi, khonsolo imayenera kukhala itayamba kale kukonza tenda ya ntchito yotsala. Ndipo ngakhale pa tsiku loyambalo pamafunika kapepala kofotokoza chimene chinali choopsa, chifukwa chake sakanadikira, ndi mmene anasankhira munthuyo. Kulemba kapepala kameneka sikutenga theka la ola. Kukalemba patapita zaka ziwiri, maodita atafika kale, sikukhutiritsa aliyense.

Zina n'zazing'ono koma zimadula. Dzina la kontirakitala liyenera kufufuzidwa pa SAM.gov, kaundula wa boma lalikulu wa pa intaneti, kuti aone ngati sanaletsedwe kugwira ntchito za boma, ndipo tsamba losonyeza zotsatira lisungidwe ndi deti lake. Khonsolo iyenera kukhala ndi malamulo olembedwa oletsa wogwira ntchito kutenga nawo mbali posankha kampani ya mkazi wake, ya mwana wake kapena ya mnzake wa bizinesi. Kampani imene yathandiza kulemba zofunika pa tenda singapikisanenso pa tenda yomweyo. Kuyambira mu Ogasiti 2020 ndalamazi sizigula makamera ndi zipangizo zolumikizirana za makampani a ku China a Huawei, ZTE, Hikvision, Dahua ndi Hytera, ndipo wogula amene amangoyang'ana mtengo wotsika amagwa mosavuta pamenepa.

Kuti muone mmene mlembi wa ku Washington amaganizira, imani pamalo otayira zinyalala. Lole iliyonse isanayambe ntchito imayezedwa ndi tepi, kukula kwa bodi yake n'kulembedwa pa chikwangwani chomata m'mbali pamodzi ndi nambala yake. Kumene ikunyamula kumakhala woyang'anira amene amalemba tikiti: nthawi, msewu, mtundu wa zinyalala. Ikafika kotayira imadutsa pansi pa nsanja, ndipo woyang'anira wina ali pamwamba amasuzumira m'bodimo n'kulemba kuti yadzaza bwanji. Lole ya ma cubic yard 40 (muyezo wa kukula kwa bodi) imene yadzaza magawo atatu mwa anayi imalipiridwa 30, osati 40. Malangizo a FEMA akhala akunena kuti lole yopanda chitseko cholimba cha kumbuyo isawerengedwe kupitirira 85 peresenti, ndipo yopakiridwa ndi manja isapitirire 50 peresenti, chifukwa manja satsendera nthambi ngati mmene chimachitira chikatapila. Ikakhuthula imadutsanso pansi pa nsanjayo kuti aone kuti yatuluka yopanda kanthu.

Lamulo lililonse pamenepa linabadwa chifukwa wina anabapo. Alipo amene amayala nthambi pamwamba pakati pali mphako. Alipo othira madzi pa zinyalala pamene malipiro ali pa kulemera. Ena amayezetsa lole itakwezedwa matabwa m'mbali, n'kuwachotsa pambuyo pake chikwangwani chili chomwecho. Ena amakatola m'minda ndi m'mabwalo a anthu, pamene FEMA imalipira za m'misewu ndi malo a boma, kupatula ngati yavomereza mwapadera kulowa m'malo a anthu. Khonsolo imene yangokhulupirira invoisi ya kontirakitala popanda matikiti imadzalipira yokha. N'chifukwa chake woyang'anirayo sayenera kukhala wa kampani yonyamulayo. Fisi sangalonde khola.

Pa antchito a khonsolo yeniyeniyo pali msampha wina. Pa ntchito yadzidzidzi yoteteza anthu, FEMA imalipira ovataimu yokha ya antchito okhazikika, poti malipiro a maola wamba anali kale mu bajeti. Pa ntchito yomanganso imalipira zonse ziwiri. Ovataimuyo iyenera kutsata lamulo la malipiro limene khonsolo inalemba ngozi isanachitike, ndipo lamulolo lisanene kuti "tidzalipira ngati boma lalikulu lipereka ndalama". Khonsolo imene yakhala pansi namondwe atadutsa n'kuvomereza kuti aliyense alandire kawiri imadzapeza kuti yadzilemetsa yokha. Pa makina, FEMA ili ndi mndandanda wa mitengo pa ola wa giredala, jenereta, pampu ndi zina. Maola a giredala ayenera kugwirizana ndi maola a woyendetsa wake. Pepala likasonyeza kuti makina anagwira maola 14 pamene dalaivala analemba 8, maola 6 amadulidwa, mwinanso pepala lonse limakayikiridwa. Kulemba kuti "ntchito ya namondwe" pa pepala la maola sikokwanira. Pamafunika msewu wake ndi chimene chinachitika.

Chimodzi chimene makhonsolo amataya mwa ulesi chabe ndi maola a anthu ongodzipereka. Achinyamata a mpingo akadzaza matumba a mchenga tsiku lonse, maola awo amawerengedwa mtengo ndipo amachepetsa gawo lija lotsala la 25 peresenti. Chofunika ndi kaundula wa mayina, nthawi yofika, nthawi yochoka ndi ntchito yake. Popanda kaundulayo thukuta lawo silioneka m'mabuku.

Tsopano zimene zimagamulidwa mvula isanagwe. FEMA imalipira zimene ngozi yawononga, osati zimene zinaola kale chifukwa chosasamalidwa. Kalavati akakokoloka, funso loyamba limakhala lakuti anali bwanji chaka chatha. Khonsolo yokhala ndi zithunzi, malipoti oyendera ndi malisiti a nthawi imene anachotsamo matope imadutsa. Yopanda zimenezi imauzidwa kuti kalavatiyo anali atatsekeka kale. Denga la laibulale limene linkadontha zaka zitatu silisanduka latsopano pa dzina la namondwe. Pafunikanso umboni wakuti chinthucho ndi udindo wa khonsoloyo, ndipo misewu ikuluikulu yothandizidwa ndi boma lalikulu ili m'manja mwa Federal Highway Administration, bungwe la boma lalikulu loona za misewu, osati FEMA. Kuipereka kolakwika n'kutaya miyezi.

Inshuwalansi ndiye imapweteka kwambiri. FEMA sibwereza kulipira chimene inshuwalansi yalipira kapena iyenera kulipira. Koma taonani za nyumba ya khonsolo imene ili m'dera lodziwika pa mapu kuti limasefukira, mapuwo atakhalapo kopitirira chaka, ndipo ilibe inshuwalansi ya madzi osefukira. FEMA imachotsa ndalama zimene inshuwalansi ya boma lalikulu ya madzi osefukira, National Flood Insurance Program, ikanalipira, zimene pa nyumba yosakhalamo anthu zimafika madola 500,000 pa nyumbayo ndi enanso 500,000 pa katundu wa m'kati. Tiyerekeze kuti holo yawonongeka madola 800,000. Akachotsa 500,000 patsala 300,000, ndipo 75 peresenti yake ndi 225,000. Zotsalazo zituluke m'misonkho ya anthu amene nyumba zawo nazonso zamira. Ndipo khonsolo ikalandira thandizo lopitirira madola 5,000 pa nyumba, imayenera kugula inshuwalansi ndi kuisunga mpaka kalekale. Ikaileka pofuna kupulumutsa bajeti, ngozi yofanana ikabweranso nyumbayo silandira kanthu.

Za chilengedwe ndi zinthu zakale ndingozitchula mwachidule. Ntchito yomanga isanayambe imayenera kuunikidwa ngati siwononga mtsinje, nyama zotetezedwa, manda kapena nyumba za mbiri. Wogumula mlatho wakale asanalandire yankho akhoza kutaya ndalama za ntchito yonseyo, chifukwa chogumulidwa sichiunikidwanso. Momwemonso ndi pulani yochepetsa ngozi imene lamulo la Disaster Mitigation Act la mu 2000 linabweretsa: imatha mphamvu pa zaka zisanu zilizonse, ndipo khonsolo ya pulani yotha silandira ndalama zokwezera nyumba kapena zokulitsira ngalande. Ndalama zokonzekera ngozi, monga za Emergency Management Performance Grant, zimafuna kuti dola lililonse la boma lalikulu likumane ndi dola lina la kwanuko, komanso kuti olandirawo azitsata NIMS, dongosolo limodzi la dziko lonse logwirira ntchito pa nthawi ya ngozi.

Otsutsa amati zonsezi n'zolemetsa, ndipo sakunama. Mzinda ngati Houston uli ndi maloya, maakauntanti ndi ofesi yathunthu yoona za ndalama zoterezi. Tauni ya m'mapiri ya anthu 900 ili ndi kalaliki mmodzi amene amalandiranso ndalama za madzi ndi kulemba zokambirana za makhansala, ndipo nyumba yake mwina ili m'matope. Onse awiri apatsidwa buku limodzi la malamulo. Tauniyo iyenera kulipira kontirakitala ndalama zoposa bajeti yake ya chaka n'kudikira miyezi kuti ibwezeredwe. Antchito a FEMA nawo amasinthasintha, ndipo dandaulo lakale la makhonsolo ndi lakuti amene wabwera lero amakana chimene wa dzulo anavomereza pakamwa. Apa phunziro ndi lowawa: mawu apakamwa a wantchito wa FEMA sasintha lamulo, choncho chilichonse chimene wanena mufunseni achilembe.

Koma yankho loti malamulo achotsedwe sindikulivomereza. Ray Nagin, amene anali meya wa New Orleans pa nthawi ya namondwe Katrina mu 2005, anapezeka wolakwa mu 2014 pa milandu ya ziphuphu zochokera kwa makontirakitala ndipo analamulidwa kukhala m'ndende zaka 10. Pamene pali ndalama zambiri, changu ndi chisoni, pamabwera akhwangwala. Tenda yapoyera ndi tikiti ya pansanja zimateteza kwambiri tauni yaing'ono yomweyo, chifukwa ndi imene ilibe mphamvu yokangana ndi kampani yaikulu yobwera ndi malole 200 ndi kontirakiti yolembedwa kale.

Zina zapepukapo kale. Mu Ogasiti 2022 malire a ntchito zowerengedwa kuti n'zazing'ono anakwezedwa kufika madola 1,000,000, ndipo ntchito zotere zimalipiridwa pa mtengo woyerekeza popanda kudikira lisiti lililonse. Lamulo la Disaster Recovery Reform Act la mu 2018 linalola khonsolo kupeza mpaka 5 peresenti ya thandizo lake yolipirira ntchito ya mapepala, kutanthauza kuti ikhoza kulemba katswiri, bola naye alembedwe potsata malamulo a tenda omwewo. Kupepuka kumeneku kwanyenga ena. Ntchito kukhala yaing'ono sikuchotsa lamulo la kagulidwe, la inshuwalansi kapena la chilengedwe. Kumangochedwetsa tsiku lofunsidwa.

Chimene chikusowa, mmene ndikuonera, ndi dzanja la maboma a zigawo nthawi ya mtendere. Chakudza sichiimba ng'oma, koma namondwe wa ku Atlantic ali ndi nyengo yake yodziwika, kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala. Palibe chifukwa choti tauni iliyonse izidzilembera yokha kontirakiti yochotsa zinyalala madzi ali m'mawondo. Makontirakiti opikisanidwa pasadakhale, okhala ndi mitengo pa cubic yard ndi ndime zonse zimene boma lalikulu limafuna, ndi ololedwa, ndipo FEMA yeniyeniyo imawalimbikitsa. Chigawo chikhoza kuwakonzera matauni ake onse, bola mayina a matauniwo ndi kukula kwa ntchito zikhale m'tendamo kuyambira pachiyambi, chifukwa kudzangokwera pa kontirakiti ya khonsolo ina pambuyo pake kumabweretsa mafunso. Chikhozanso kukhala ndi thumba longongoza matauni popanda chiwongoladzanja pamene akudikira kubwezeredwa, ndi kutumiza maakauntanti ake sabata yoyamba, osati chaka chachitatu ngati ofufuza. Khonsolo nayo ili ndi zake zosafuna ndalama: kujambula makalavati ndi madenga chaka chilichonse, kuonetsetsa kuti kulembetsa kwake pa SAM.gov sikunathe mphamvu popeza kumafuna kukonzedwanso chaka ndi chaka, kutsegula nambala yapadera m'mabuku a ndalama tsiku loyamba la ngozi, ndi kusunga mapepala pamalo amene madzi safika.

Mapepalawo amasungidwa zaka zosachepera zitatu kuchokera pamene lipoti lomaliza la ndalama laperekedwa, ndipo popeza ntchito zina zimatsekedwa patapita zaka zambiri, bokosi la matikiti limatha kuona mameya atatu. Khonsolo yowononga madola 1,000,000 kapena kuposa a boma lalikulu m'chaka chimodzi imayenera kuunikidwa ndi maodita oima paokha. Malirewa anali 750,000 mpaka zaka za ndalama zoyamba pa 1 Okutobala 2024. FEMA ikakana ndalama kapena kulamula kuti zibwezedwe, khonsolo ili ndi masiku 60 ochita apilo kudzera ku boma la chigawo, ndipo ikagonja ili ndi masiku ena 60 a apilo yachiwiri. Pa mkangano woposa madola 500,000, kapena 100,000 kwa makhonsolo a kumidzi, ikhoza kusiya apilo yachiwiriyo n'kupita kwa oweruza a Civilian Board of Contract Appeals. Ndime 705 ya Stafford Act imaitetezanso kuti isalandidwe ndalama ngati zinavomerezedwa pa mgwirizano, mtengo unali womveka ndipo ntchito inatheka. Koma kalata yokana ikagona pa desiki ya kalaliki mpaka tsiku la 61, apilo imatayidwa osaiwerenga n'komwe, ngakhale matikiti onse atakhala m'bokosi.